Feni ya Lupanga, Mlendo wa Pakhonde Amene Sitidamufunse Kwawo

Mwambo wa makolo athu udali wakuti mlendo akafika pamudzi, atalandiridwa katundu wake, atayalidwira mphasa ndi kupatsidwa madzi akumwa, mwini mudzi ankakhala naye pansi nachita naye malonje, kuti adziwe kumene wachokera, mfunda wake ndi chimene wadzera. Ndipo palibe amene ankayesa mafunso amenewo chipongwe, pakuti kusunga munthu wosadziwika chiyambi chake kudali kuika mudzi wonse pangozi. Mwambo umenewu tidausunga pa anthu, koma pa zomera sitidauyambe n'komwe. M'makonde a nyumba za m'tauni, m'mahotela, pamakomo a maofesi ndi m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Lilongwe momwe anyamata amagulitsa maluwa a m'machubu, muli chomera china cha masamba aatali, obiriwira, osongoka kunsonga, chosachita duwa ndi chosabala chipatso, chimene amaluwa amachitcha feni. Ambiri tili nacho, ena tidachita kugula, ena tidapempha kwa anansi. Koma mutafunsa kwawo kwa chomeracho, mudzapeza kuti wogulitsa ndi wogula ali mumdima umodzi. Ine ndikuti umbuli umenewu si waung'ono monga uonekera, ndipo chifukwa chake chili m'thupi la chomera chomwecho.

Chomeracho ndi feni ya lupanga, ndipo akatswiri a zomera amaika mafeni a lupanga onse m'fuko limodzi lotchedwa Nephrolepis, dzina limene Heinrich Schott wa ku Vienna adalikhazikitsa mu 1834. Ndipo Hovenkamp ndi Miyamoto, amene adasanthula fuko lonselo mu 2005, adapezamo mitundu 19, ngakhale mabuku ena akale ankatchula yoposerapo. Feni imeneyi ilibe thunthu. Tsinde lake ndi lalifupi, loimirira, lokutidwa ndi timamba tofiirira, lobisika m'nthaka kapena m'masamba owola, ndipo masamba onse amatuluka paphata limodzi. Tsamba likamaphuka limatuluka litadzikulunga, nsonga ili mkati, nilifunyululuka pang'onopang'ono kuyambira kutsinde. Ndipo popeza nsongayo imachedwa kuleka kukula, tsamba la mtundu waukulu, wa Nephrolepis biserrata, limapitirira mamita 2 likapeza chinyontho chokwanira. Mbali ziwiri za msana wa tsambalo pamandandalika timasamba makumimakumi, kalikonse kali ndi mfundo pamene kalumikizana ndi msanawo, kotero kuti madzi akasowa chomeracho chimathothola timasamba take n'kutsala ndi misana yokhayokha. Mayi wosesa pakhonde amadandaula kuti feni yake ikufa, pamene iyo ikungochepetsa pakamwa pofuna madzi kufikira itathiriridwanso.

Pali zizindikiro ziwiri pa timasambato zimene zapalamulitsa mafeni ambiri osalakwa. Pamwamba pake, chakumphepete, nthawi zina pamaoneka timadontho toyera tondandana. Amenewo ndi mathero a mitsempha, pamene chomera chimatulutsira madzi owonjezera, ndipo madziwo akauma amasiya laimu. Kunsi kwake kuli timadontho tina tofiirira, tozungulira, tondandana m'mizere iwiri, kalikonse kovundikiridwa ndi kakhungu kooneka ngati impso. Anthu ambiri akationa amati ndi mazira a tizilombo kapena chiwawu, nathamangira mankhwala opopera, osadziwa kuti akupopera nkhokwe za chomeracho, pakuti pansi pa kakhunguko ndi pamene pamakhwimira fumbi loberekera.

Fumbi limenelo si njere, chinkana ligwirako ntchito ya njere. M'njere ya chimanga muli kamwana ka chomera pamodzi ndi kamba wake wa paulendo. Fumbi la feni lilibe kamwana, ndipo n'lopepuka kotero kuti mphepo imalinyamula n'kuliolotsa nyanja. Likagwa ponyowa silimera feni ayi, koma kanthu kena kobiriwira, kopyapyala, kaphanthiphanthi, kosaposa sentimita imodzi, komatirira pansi. Kunsi kwa kanthu kameneka kumapangika mbewu yaimuna ndi dzira, ndipo mbewu yaimunayo iyenera kusambira m'kadontho ka madzi kuti ikafike kudziralo. Pamenepo ndiye feni yeniyeni ibadwa. Motero moyo wa feni ndi wa mibadwo iwiri yosinthana, mwana wosafanana ndi kholo lake, mdzukulu ndiye wotengera agogo. Chinsinsi chimenechi chidabisika kwa anzeru zaka mazanamazana, mpaka anthu a ku Ulaya, poona chomera chochuluka chotero chopanda njere, adapeka nthano yakuti njere zake n'zosaoneka, kuti zimagwa usiku umodzi wokha pakati pa nyengo yawo yotentha, ndi kuti wozitola nayenso amasanduka wosaoneka. Amene adalongosola dongosolo lonselo mu 1851 adali Wilhelm Hofmeister wa ku Leipzig, munthu wosapita ku yunivesite, wogwira ntchito m'sitolo ya mabuku ya atate wake, amene ankalawira mbandakucha kukayang'ana zomera pa maikulosikopu asanatsegule sitoloyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ndikadakonda ana athu a sukulu akadamva za munthu ameneyu asanayambe kukhulupirira kuti nzeru zimadikira digiri.

Komatu feni ya lupanga sidalira fumbi lokha, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani yathu. Kuchokera patsinde paja imatulutsa zingwe zowonda, zolimba, zopanda masamba, zimene zimayanga pamwamba pa nthaka kapena kulendewera kunja kwa mphika. Ndipo paliponse pamene chingwe chakhudza dothi lonyowa pamaphuka feni yatsopano, imene nayonso sichedwa kutumiza zingwe zake. Phata limodzi likasiyidwa pamthunzi wachinyontho limadzaza malo onse mothithikana, kotero kuti njere ya mtengo ikagwapo sipeza pomera. Mitundu ina yowerengeka ili ndi nzeru yachitatu: pa zingwezo imabereka timbatata ta mamba, tosaposa masentimita 2 kapena 3, todzala madzi, timene timasunga moyo wa chomera pamene masamba apsa ndi dzuwa kapena agwetsedwa ndi chikwanje. Ku Nepal ana a kumapiri amakumba timbatata ta Nephrolepis cordifolia nadya kuti aphe ludzu; koma kwa munthu wofuna kuchotsa feniyo pamalo pake, kambatata kalikonse kotsalira m'nthaka ndi lonjezo lakuti ntchito yake adzaibwereza.

Kwawo kwa fuko limeneli ndi chigawo chonse chotentha chozinga dziko lapansi. Nephrolepis biserrata, imene Olof Swartz wa ku Sweden adailemba mu 1801, imapezeka kuyambira m'madambo a kummwera kwa Florida, kuzilumba za Caribbean ndi ku Brazil, kudutsa Africa ya kumadzulo ndi yapakati mpaka kugombe la Mozambique ndi la KwaZulu-Natal, ndi kupitirira kufika ku Malaysia, Indonesia ndi kumpoto kwa Australia. Nephrolepis exaltata kwawo ndi ku America wotentha. Nephrolepis cordifolia akatswiri ambiri amailozera ku Asia, Australia ndi kuzilumba za Pacific, koma anthu adainyamula m'miphika kwa nthawi yaitali kotero kuti malire ake oyamba adafafanizika. Zofuna za mafeni amenewa n'zochepa: kufunda, chinyezi ndi mthunzi wosathithikana, chisanu choundanitsa madzi ndicho mdani wawo wamkulu. Nthaka sasankha. Amamera pansi, m'ming'alu ya miyala, pa zipika zowola, pa makoma akale, ndipo koposa zonse m'makhwapa a masamba akale a kanjedza, momwe mumaunjikana zinyalala ndi madzi a mvula. Pamenepo feni imangokhala, siyamwa madzi a mtengowo. M'minda ikuluikulu ya kanjedza wa mafuta ku Malaysia ndi Indonesia alimi ambiri amaisiya dala Nephrolepis biserrata kuti ifunditse nthaka pakati pa mizere, chifukwa imachepetsa kukokoloka kwa dothi ndipo silimbana ndi mbewu monga achitira maudzu ena ouma mtima.

Kulimba kwa fuko limeneli kudaonekera poyera pa chilumba cha Krakatau, pakati pa Java ndi Sumatra. Mu Ogasiti 1883 phiri la moto lidaphulika pamenepo niliotcha chamoyo chilichonse, nilikwirira chotsala cha chilumbacho ndi phulusa lakuya. Mu 1886 Melchior Treub, mkulu wa munda wa zomera wa ku Buitenzorg, kumene lero ndi Bogor, adapita kukaona ngati pali chimene chamera, ndipo mkati mwa chilumbacho adapeza kuti olamulira adali mafeni, mitundu 11, umodzi mwa iyo uli wa Nephrolepis. Palibe adawabzala, fumbi lidaoloka makilomita pafupifupi 40 a nyanja. Ku Hawaii nakonso feni ya lupanga, imene eni dziko amaitcha kupukupu, ili m'gulu la zomera zoyamba kuphuka m'ming'alu ya chiphalaphala chozizira, kumene masamba ake owola amayamba kupanga dothi loti mitengo idzamerepo m'tsogolo. Chomera chotere ndiyenera kuchilemekeza. Koma mphamvu yomweyo imene imachiyeneretsa kutsegula dziko louma ndi imene imachichititsa kukhala choopsa chikafika m'dziko la eni ake.

Ndisanafike kumeneko ndinene za wathu, pakuti m'fuko limeneli tili naye mbale wobadwira konkuno, amene ambiri timamupondaponda osamudziwa. Nephrolepis undulata imamera m'Africa yotentha monse, Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe momwe, mpaka ku Madagascar ndi India. Ndipo akatswiri adaidziwa kudzera mwa Adam Afzelius, wophunzira wa katswiri wa zomera Linnaeus, amene adatola zomera ku Sierra Leone m'zaka za m'ma 1790. Imapezeka m'nkhalango za mombo, m'mphepete mwa miyala, m'magombe a mitsinje ndi m'makhwapa a mitengo ya kanjedza. Masamba ake ndi ofewa ndi opyapyala kuposa a mafeni a m'miphika, ndipo khalidwe lake ndi la mwana wa dziko lino, wodziwa kuti mvula yathu ili ndi nyengo yake: dzinja likafika imaphuka, mvula ikakata masamba onse amauma n'kuzimirira, ndipo moyo wake umatsala m'timbatata pansi pa nthaka, kudikira mabingu a Novembala ndi Disembala. M'chilimwe mungadutse pamalopo n'kulumbira kuti sipadamerepo kanthu. Solomo wa m'Baibulo adatamandidwa chifukwa ankatha kufotokoza za mitengo kuyambira waukulu wa ku Lebanoni kufikira kachitsamba ka pakhoma. Ife tili ndi ana odziwa kutchula mbali zonse za duwa la m'buku la mayeso, osadziwa feni yomera kuseri kwa sukulu yawo.

Ya m'miphika yambiri, ya masamba ogwa mokongola, ili ndi mbiri ina. Mu 1894, m'katundu wa mafeni wotumizidwa kuchokera ku Philadelphia kupita kwa wogulitsa maluwa wa kufupi ndi Boston, mudapezeka imodzi ya masamba otambalala ndi owerama kuposa anzake. Adaichulukitsa, naitcha feni ya Boston, ndipo kuchokera mwa iyo mudatuluka mitundu yambirimbiri ya masamba opotana ndi ogawikana imene ili m'nyumba za dziko lonse lero. Kwa zaka zoposa 100 mabuku ankailemba ngati mwana wa Nephrolepis exaltata, koma akatswiri a ku Leiden atayeza chibadwa chake mu 2016 adapeza umboni wakuti ndi yosakanizika, yobadwa mwa biserrata ndi cordifolia. Pokhala kuti kawirikawiri sibereka fumbi lamoyo, amaichulukitsa ndi zingwe zake kapena m'malabotale, ndipo mwa mafeni onse a pamsika ndiyo yofatsa. Ogulitsa ena amaitamanda kuti imayeretsa mpweya wa m'nyumba, mbiri imene idakula pambuyo pa kafukufuku wa NASA wa 1989 pa zomera za m'nyumba. Koma zoyesazo zidachitikira m'mabokosi otsekedwa, ndipo mu 2019 akatswiri a Drexel University adawerengera kuti pangafunike zomera pakati pa 10 ndi 1,000 pa sikweya mita iliyonse kuti zifanane ndi mpweya wolowa ndi kutuluka m'nyumba wamba. Gulani feni chifukwa cha kukongola kwake. Za mpweya, tsegulani zenera.

Vuto lili pa Nephrolepis cordifolia, ya masamba oimirira ndi timbatata, imene imagulitsidwa nthawi zambiri ndi dzina lomwelo la feni, mwinanso la Boston. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma uyu akakhala wakhala. Ku Florida, kumene exaltata ndi biserrata ndi mbadwa, cordifolia idatuluka m'minda ya maluwa n'kulowa m'nkhalango, ndipo bungwe la Florida Exotic Pest Plant Council lidaiika m'gulu loyamba, la zomera zimene zikusintha nkhalango pothamangitsa za m'dzikomo. Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ena ofuna kubzala mbadwa ankagula mlendoyo, popeza awiriwa amafanana kwambiri kwa munthu wosayang'anitsitsa. Ku New Zealand, kumene kulinso Nephrolepis yawoyawo yopanda timbatata yomera pafupi ndi akasupe otentha, kugulitsa, kuchulukitsa kapena kugawa cordifolia n'koletsedwa. Ku South Africa malamulo a mu 2014 a zamoyo zolanda malo adaitchula, ndipo adaumitsa dzanja m'zigawo za mvula yambiri monga KwaZulu-Natal ndi Mpumalanga kuposa m'zigawo zouma za mkati. M'maiko onsewa njira yake yaikulu yotulukira ndi imodzimodzi, yopanda chiwembu chilichonse: munthu waona kuti feni yadzaza bedi la maluwa, wazula ina, waponya kuseri kwa mpanda kapena m'khwawa, ndipo madzi a mvula atenga timbatata n'kutitula kunsi kwa mtsinje.

Wina adzati, ndipo sindimunyoza, kodi m'dziko la njala, la mitengo yotha ndi makala, n'kumataya inki pa kachomera ka pakhonde? Adzaonjeza kuti chilimwe chathu n'chachitali, kuti feni yotayidwa kudzala ku Salima kapena ku Nsanje idzauma isanaone mvula, ndi kuti anyamata ogulitsa maluwa m'mbali mwa msewu akufuna ndalama ya ufa, osati mayina a Chilatini. Zonsezi zili ndi choonadi chake. Sindikuimba mfuu yakuti nkhalango zathu zalandidwa kale, ndipo sindikupempha kuti apolisi azigwira miphika. Pa malo ambiri a dziko lino dzuwa lokha ndi mlonda wokwanira.

Koma malo amene dzuwa silingathe kuwalondera ndi omwewo amene tilibe ena owalowa m'malo: makwawa a Mulanje, mapiri a Zomba ndi Thyolo, nkhalango zonyowa za Nkhata Bay, kumene chiperoni ndi nkhungu zimasunga chinyezi pamene kwina konse kwauma, ndi kumene kuli mafeni, maluwa a m'mitengo ndi timitengo tosapezeka kwina. Kumeneko ndi kumenenso kuli nyumba za alendo ndi minda yakale ya maluwa yoyandikana ndi nkhalango. Ndiponso ife si anthu oti tiphunzitsidwe ndi a ku New Zealand za chomera chokongola chosanduka chilango. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo adayenda dziko lapansi chifukwa cha duwa lake lokongola. Lero amatchingidwa ku Liwonde ndi kuvuulidwa ndi makina kuti asatseke njira ya madzi opangira magetsi ku Nkula ndi Tedzani. Lantana adadza ngati duwa la mpanda. Paini wa ku Mexico adabzalidwa pa Mulanje ndi anthu a zolinga zabwino, ndipo pambuyo pake padafunika zaka za thukuta ndi ndalama zambiri kumudula kuti mkungudza upeze malo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pa zonsezi panali nthawi imene munthu mmodzi ndi khasu akadathetsa nkhaniyo tsiku limodzi, ndipo nthawi imeneyo idapita anthu akunena kuti n'kachomera chabe. Amene akukayika kuti feni ingalande dziko akaone ku Nyika, kumene feni ya fuko lina, Pteridium, yafalikira pa udzu wa m'mapiri mpaka kudetsa nkhawa oyang'anira paki.

Chimene ndikupempha n'chochepa, ndipo choyamba chili kwa a National Herbarium and Botanic Gardens of Malawi ku Zomba, amene ntchito yawo ndi kudziwa ndi kusunga mbiri ya zomera za dziko lino: atilembere m'Chichewa pepala limodzi la zithunzi, loti lifike kwa ogulitsa maluwa, kwa osamalira minda ya mahotela ndi kwa aphunzitsi, losonyeza kusiyana kwa mitundu imeneyi. Pepala limenelo liyenera kulembedwa konkuno, osati kukopedwa kunja, ndipo chifukwa chake ndi ichi. Ku Florida ndi ku New Zealand anthu amauzidwa kuti akumbe, ndipo akapeza timbatata adziwe kuti ndi mlendo, azule. Langizo limenelo litabwera kuno osasinthidwa lingaphetse mbadwa yathu, pakuti undulata nayonso ili ndi timbatata. Kwa ife funso lili pawiri: kodi ili ndi timbatata, ndipo kodi imakhala yobiriwira chaka chonse? Ya masamba ofewa, youma mvula ikakata, ndi yathu, isiyeni. Ya timbatata, ya masamba olimba ndi oimirira, timasamba take topanikizana mpaka kuphimba msana wa tsamba, yobiriwirabe mu Seputembala, imeneyo ndi cordifolia.

Kwa amene muli nayo kale, sindikuti muitaye. Ndikuti muisunge mumphika, pakhonde la simenti pamene zingwe zake sizingakhudze dothi, makamaka ngati nyumba yanu ili pafupi ndi mtsinje kapena nkhalango. Ikachuluka ndipo mwaganiza zopatulira, zozulazo musaziponye kuseri kwa mpanda, mu Mudi, mu Lingadzi kapena mu Mulunguzi, ndiponso musaziike m'dzenje la manyowa, chifukwa timbatata timapulumuka mmenemo n'kubwerera kumunda pamodzi ndi manyowawo. Ziyanikeni pa simenti kapena pa lata mpaka timbatata titafota ndithu, kenaka muzitenthe. Ndipo pamalo pamene mwazulapo mudzayang'anenso mvula yotsatira ikagwa, popeza timene tidatsalira m'nthaka tidzakhala titaphuka.